Maliro Opetedwa Pampango

Chaka chachiwiri cha Tionenji ku Nairobi chinamutopetsa kuposa choyamba. Choyambacho panali zophunzira zambiri: matatu, maminibasi a kumeneko, opita m'tauni amakwerera pati, tomato amanenerera bwanji m'Chiswahili, magetsi akatha amagula kuti. Pofika chachiwiri zonsezo anali atazidziwa, ndipo panalibenso china. Amuna ake, a Arthur, ankalawira kuntchito kubungwe lina la mayiko ambiri kutsidya kwa mzinda. Mwana wawo Mtisunge ankatengedwa ndi basi ya sukulu. Iye ankatsala yekha mufulati ya pansanjika yachitatu ku South B, n'kumakolopa pokolopa kale. Ku Zomba anagwira uzamba zaka khumi ndi chimodzi, koma kuno mapepala ake sankamulola kugwira ntchito. Nthawi zina ankatsika kukagula anyezi mmodzi yekha kwa mama mboga, mayi wogulitsa ndiwo zamasamba pageti, kuti masana apeze chifukwa chotsikiranso.

Lanfen anakumana naye padenga la nyumbayo, pomwe anthu ankayanika zovala. Anali mayi wa ku China, wamfupi, wa zaka makumi anayi ndi chimodzi, mkazi wa bambo Zhou, injiniya wa kampani ina yomanga nyumba zosungiramo katundu ku Industrial Area. Tsikulo ankavutika kufikira chingwe. Tionenji anamulanda nsalu n'kumuyanikira, koma maso ake anali atatsikira kale kumapazi. Akakolo anali otupa, ndipo mimba inkaoneka ya miyezi isanu.

"Unayezetsa liti magazi?" anafunsa m'Chiswahili, akudzigwira pamkono.

Lanfen anali atakhala ku Kenya zaka zitatu, ndipo Chiswahili chake anachitola pamsika monga Tionenji. Cha onse awiri chinali chothyokathyoka, koma chinkathyokera malo ofanana, motero ankamvana bwino. Kuyambira tsikulo Tionenji ankakwera kusanjika yachinayi m'mawa uliwonse ndi kamakina kake koyezera kuthamanga kwa magazi. Kumeneko anamva kuti Lanfen anapita padera kawiri, ndipo adokotala anamuletsa kukwera ndege mpaka atachira.

M'mawa wina anamupeza atawerama patebulo ndi kaburashi kosongoka, akulemba pansalu yofiira. Zilembozo zinali zowonda, zazitali, zopendekera mbali imodzi ngati miyendo ya udzudzu, ndipo zinkatsika kuchokera pamwamba kupita pansi. Tionenji anatulutsa foni yake, imene inkamuwerengera zolembedwa pamabotolo a m'khitchini ya Lanfen. Analoza pansaluyo. Foni inangoti duu. Anapukuta galasi n'kulozanso, koma palibe chinatuluka.

Lanfen anaseka mpaka kugwira mimba. "Foni yako ndi mwamuna," anatero. "Singawerenge. Ngakhale amuna anga sangawerenge. Izi ndi zathu akazi. Timati nüshu."

Anafotokoza pang'onopang'ono, manja akuthandiza pamene mawu aperewera. Kwawo kunali ku Jiangyong, kum'mwera kwa chigawo cha Hunan, dera la mapiri ndi minda ya mpunga m'mbali mwa mtsinje wa Xiao. Kumeneko amalima koko, jinja ndi manyumwa aakulu ngati mutu wa mwana. Kale atsikana a kumeneko sankapita kusukulu, ndiye akazi anali ndi zilembo zawozawo, zimene ankaphunzitsana m'zipinda za m'mwamba uku akupeta nsalu. Ankalemba pamipango, pazokupizira mphepo ndi m'timabuku tosokedwa ndi ulusi. Mtsikana akakwatiwa kumudzi wina, tsiku lachitatu anzake ankamutumizira kabuku komulira ndi komulimbitsa mtima. Zolembazo sankaziwerenga chamumtima, ankaziimba. Atsikana awiri ankathanso kulumbirirana kuti adzakhala pachibale mpaka imfa, n'kumalemberana moyo wawo wonse.

"Aa, chinjira chimenecho!" anatero Tionenji. "Kwathunso chiliko. Mnzako wa pamtima, woti ukamwalira ndiye amakutseka maso."

Lanfen anayesa kutchula mawuwo kangapo mpaka anakhoza. Anati chinjira chake dzina lake ndi Guixiang, ndipo amakhala nyumba yachitatu kuchokera kwa mayi ake. Anaphunzirira limodzi zilembozi ali atsikana, poyamba kwa azakhali ena okalamba, kenako m'kalasi imene inatsegulidwa anthu ataona kuti odziwa akutha. Mayi ake a Lanfen ankadziwa kuimba kokha. Ali mwana, mayiwo anaona timabuku ta amayi awo tikutenthedwa pabwalo, anthu akuti ndi zolemba za afiti, ndiye dzanja lawo silinafunenso kugwira burashi. Koma nyimbo zonse zinali m'mutu, ndipo Lamulungu lililonse ankamuimbira Lanfen pafoni.

Lachiwiri la pambuyo pa Pasaka, Tionenji akuchokera kokagula masamba a sukuma, anapeza bambo Zhou ataima pamasitepe a nsanjika yachiwiri, chipewa cha kuntchito chili m'manja. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo sanali wobwera kunyumba masana. Anayankhula Chingerezi chapang'onopang'ono, maso ali pansi. Anati apongozi awo aakazi, mayi ake a Lanfen, anagwa m'munda masiku anayi apitawo ndipo sanadzukenso. Anaikidwa kale. Abale onse kumudzi anagwirizana kuti Lanfen asamve kufikira mwana atabadwa mu Julaye. Achimwene ake a Lanfen azimuuza kuti mayi apita kumapiri kukadwazika mng'ono wawo, kumene kulibe netiweki. Guixiang naye anamulumbiritsa.

"Inu ndinu namwino," anatero bambo Zhou. "Ndiuzeni zoona. Akamva lero, mwanayu akhala moyo?"

Tionenji anakumbukira kuti m'mawa womwewo kamakina kanasonyeza manambala amene sanamusangalatse.

"Sindingalonjeze," anatero.

"Ndiye ndithandizeni. Akayamba kuganiza kwambiri, mumusokoneze. Inu amakumverani."

Tionenji anakwera masitepe otsalawo. Madzulo a Arthur atafika, anawakokera kukhitchini n'kuwauza zonse.

"Amayi a Mtisu, si zathu izi," anatero a Arthur akumasula tayi. "Mwamuna wake waganiza, abale ake aganiza. Inu ndinu woyandikana naye nyumba basi. Komanso kwathu sitichita zomwezi? Munthu akakhala kutali timangomuuza kuti bwera, matenda akula."

Mawuwo anamulasa, chifukwa iye mwini anachitapo zimenezo. Bambo awo atamwalira, mng'ono wake Lizzie anali ku Joni, ndipo ndi Tionenji amene anaimba foni n'kunena kuti matenda akula. Lizzie anayenda masiku awiri pabasi atanyamula bulangeti latsopano loti bambo azifunda kuchipatala. Anatsika pamsewu n'kuona tenti pakhomo. Papita zaka zisanu ndi chimodzi, koma mpaka lero Tionenji akamuimbira, Lizzie amayamba ndi kufunsa kuti, "Mundiuze zenizeni, achemwali, kwagwanji?"

"Ajawo anali masiku awiri," anatero Tionenji. "Iyi ndi miyezi itatu."

"Ndiye mukamuuze, mwana akachoka mudzayankhe ndinu."

Sanakamuuze. M'mawa uliwonse ankakwerabe ndi kamakina kake, koma tsopano ankayeza mofulumira, n'kunamizira kuti wasiya nyemba pamoto. Lanfen naye sankakhazikika. Ankayenda kuchokera pawindo kupita pakhomo, foni ili m'manja, akumvetsera mobwerezabwereza timauthenga takale ta mawu a mayi ake. Achimwene ake ankayankha mwachidule. Guixiang, amene kale ankacheza naye ola lathunthu, tsopano ankati ali kumunda, aimbanso, osaimba.

"Tionenji," anatero tsiku lina, mkono uli m'kamakina, "kwanu mayi angakhale masabata asanu osafunsa za mimba ya mwana wake?"

Tionenji anayang'anitsitsa manambala ngati ndi ovuta kuwerenga. "Zimachitika," anatero. "Kudwazika kumatangwanitsa. Usalankhule, ukusokoneza makina."

Tionenji anamasula kamakina n'kutsika. Kuyambira pamenepo nyumba inayamba kumutentha. Ankangoti akamva mapazi a Lanfen akuyendayenda pamwamba pa mutu wake, n'kutenga chikwama. Ankakwera matatu kupita m'tauni, n'kutsika, n'kukweranso ena obwerera, osagula kanthu. Kawiri anafika mpaka ku Umoja kwa a Magdalene, mayi wachikulire wa ku Ntcheu amene anakwatiwa ndi Mkenya kalekale, ndipo ndiye ankasonkhanitsa amayi a Chimalawi pakagwa zovuta kapena ukwati. Ulendo woyamba anangomwa tiyi n'kubwerera. Wachiwiri a Magdalene anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe Tionenji, wakhala pampando umenewo ngati pali minga. Arthur wayamba zibwenzi?"

"Ayi, amayi."

"Nanga n'chiyani?"

"Ndangotopa ndi kukhala."

Tsiku lina Tionenji anatsimikiza mtima kuti amuuza Lanfen zoona. Anakwera, anagogoda, koma Lanfen anatsegula akumwetulira, n'kumugwira dzanja kuliika pamimba kuti amve mwana akukankha. Tionenji anamva kachidendene kakudutsa pansi pa chikhatho chake. Anayeza magazi n'kutsika.

Kumapeto kwa Meyi, mvula yaitali ikutha, mnzawo wina wa kuntchito wa bambo Zhou anabwera kuchokera kutchuthi atanyamula kaphukusi ka kwa Guixiang. Bambo Zhou anakatsegula ali kuofesi n'kusanthula bwinobwino, kuopa kalata. Munali jinja wouma, makoko a manyumwa, tinsapato tansalu ta khanda, ndi mpango woyera wopetedwa maluwa a ulusi wabuluu m'mphepete monse. Kalata munalibe. M'mawa mwake anakapereka okha kwa mkazi wawo n'kupita kuntchito.

Itangokwana naini koloko, Lanfen anaitana pawindo. "Tionenji! Bwera uone, zachokera kwathu!"

Anamupeza atayala zonse patebulo, nkhope ikuwala koyamba m'masabata ambiri. Anamununkhitsa makoko a manyumwa. Anamuveka tinsapato kuzala. Kenako anatambasula mpango uja, n'kuutembenuza, n'kuseka.

"Guixiang ndi wochenjera. Ukuona maluwa awa? Si maluwa onse. Pakati pa masamba pali mawu. Dikira ndikuimbire."

Anaika chala pakona ya kumanja n'kuyamba kuimba ndi mawu otsika, okoka, chala chikutsika ndi ulusi. Anaimba mzere woyamba akumwetulira. Wachiwiri kumwetulira kunachepa. Pakati pa wachitatu nyimbo inaduka. Chala chinabwerera pamwamba n'kutsikanso, milomo ikugwedera popanda mawu.

Tionenji anali ataimirira kale. Dzanja lina linali paphewa la Lanfen, lina likufunafuna kamakina m'chikwama. "Pole, dada. Pepa, mchemwali, pepa kwambiri. Khala pansi, puma pang'onopang'ono."

Lanfen anatukula mutu. Maso ake anali ouma. Anayang'ana dzanja lili paphewa pake, n'kuyang'ana kamakina.

"Sunafunse," anatero. "Sindinakuuze kuti palembedwa chiyani, ndipo iwe sunafunse."

Tionenji anachotsa dzanja paphewapo.

"Ulijua." Lanfen anabwereza mawu a Chiswahiliwo kachiwiri, motsitsa. "Unkadziwa. Kuyambira liti?"

"Pasaka."

"Ndinakufunsa. Mkono wanga uli m'manja mwako ndinakufunsa."

"Ndinkaopa mwana, Lanfen. Magazi ako..."

"Tuluka."

Chitseko chinatsekedwa, kiyi n'kulira. Tionenji anakhala pansi pamasitepe. Anadikira kumva kulira, koma mkatimo munali zii. Bata limenelo linamuopsa kuposa kukuwa. Anagogoda, anaitana, osayankhidwa. Anaimbira bambo Zhou, foni inangoitana, chifukwa anali pamalo omanga kumene makina amasokosa. Anatsika, anakwera, anatsikanso. Kenako anaimbira a Magdalene ku Umoja.

"Amayi, kuno kuli maliro."

"Mayo! Ndani?"

"Mayi ake a mnzanga wapamwamba, Mchaina uja. Anamwalira Pasaka, wamva lero. Ali yekha, ndi woyembekezera, wadzitsekera. Ine sakufuna kundiona, ndinabisa nawo."

"N'chifukwa chake unkakhala ngati pali minga. Chabwino, zako tidzakamba tsiku lina. Kwawoko amalira bwanji?"

"Sindikudziwa."

"Tilira mwakwathu. Wiritsa madzi a tiyi."

Pofika thuu koloko masana anali atafika amayi asanu ndi awiri. A Magdalene anabwera ndi awiri a ku Umoja. A Veronica anathawa kuofesi ku Muthaiga atavala suti, n'kumanga chitenje pamwamba pake ali pageti. Ena atatu anali ophunzira a kuyunivesite, mmodzi wa iwo atavala hijabu. Askari, mlonda wa pageti, anawalembetsa mayina modabwa. Anakwera mwakachetechete, anavula nsapato, n'kukhala pansi pakhonde la nsanjika yachinayi, miyendo atatambasula, misana itatsamira khoma. Sanagogode. A Magdalene anayambitsa nyimbo ya maliro motsitsa kwambiri, ena n'kulandira.

Anaimba nyimbo zitatu. Pa yachinayi kiyi analira. Lanfen anasuzumira, mpango uli m'manja, n'kuona amayi osawadziwa atadzaza khonde, ena misozi ili m'masaya. A Magdalene anadzuka movutikira, anamugwira manja onse awiri n'kuyankhula m'Chiswahili chawo chosalala.

"Mwanangu, tamva kuti mayi atisiya. Kwathu munthu salira yekha. Tilowe?"

Lanfen anapatuka pakhomo. Amayiwo anakankhira mipando kukhoma, anayala zitenje pansi, n'kumukhazika pakati atamuikira pilo kumsana. Mpamene analira. Kulira kwake kunali kwachilendo m'makutu mwawo, kokhala ndi mawu ndi kayimbidwe, ngati akuwafotokozera mayi ake nkhani yaitali. Iwo sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma ankadziwa polandira. Iye akapuma, a Veronica ankati, "Mayi wawaye," ena n'kubuula.

Tionenji sanalowe m'bwalolo. Anakhala kukhitchini, akutsuka makapu, akudula buledi, akusuzumira pakhomo kuti aone mtundu wa nkhope ya Lanfen ndi kutupa kwa zala zake. Anapatsa mtsikana wa hijabu uja kamakina n'kumulangiza momangira. Mtsikanayo anabwera kudzamunong'oneza manambala. Anali okwera, koma osati kufika poti athamangire kuchipatala.

Bambo Zhou anafika cha m'ma faifi, ataona mafoni a Tionenji mochedwa. Anaima pakhomo pakati pa nsapato za amayi, thukuta lili kamukamu. Nyimbo inaleka. Lanfen sanakuwe. Anawalozera pansi patsogolo pake, ndipo bambo wamtaliyo anagwada, mawondo a buluku ali ndi simenti. Lanfen anatambasula mpango n'kuyamba kuimba mzere umodziumodzi. Akatha mzere ankaumasulira m'Chitchaina cha onse, chifukwa amuna akewo anali a chigawo china ndipo chilankhulo cha ku Jiangyong sankachimva. Kenako ankaubwereza m'Chiswahili, kuti amayi amene anabwera kudzakhuza maliro adziwe amene akumulira.

Mpangowo unkati: "Mchemwali wanga, anandilumbiritsa kuti pakamwa panga pasatuluke kanthu. Pakamwa ndatseka, koma za singano sananene. Mayi anagona pansi pa mitengo ya manyumwa, maluwa ali pamwamba pawo, ndipo sanavutike. Ndinawasambitsa ndine, ndinawapesa tsitsi mmene ankakondera. Ndinalira mbali yanga, yako ndakusungira. Lira, ukatha udye, mwana ali ndi njala."

Bambo Zhou anaphimba nkhope ndi chipewa chawo. Ananena mawu ochepa, mapewa akugwedezeka. Lanfen anawayankha mwachidule, n'kutembenukira kwa a Magdalene kupempha tiyi ndi buledi. Anadya magawo awiri, amayi onse akumuyang'ana.

Amayi anabalalika dzuwa likulowa, kupatula a Magdalene amene anagona komweko. Tionenji anatsika osatsanzika. A Arthur anamupeza atakhala pabedi, chitenje chikadali m'chiuno, ndipo sananene kanthu za m'mene anachenjezera. Anangopita kukhitchini kukaphikira Mtisunge mazira.

M'mawa a Magdalene anagogoda. "Akukufuna padenga. Utenge machesi ndi mbale yachitsulo."

Anamupeza Lanfen atakhala pampando pakati pa zingwe zoyanikira, atavala malaya oyera. Pamiyendo pake panali mapepala anayi odzaza ndi zilembo zowonda zija. Sanamupatse moni. Anayankhula akuyang'ana kumadenga a mafakitale.

"Kwathu mkazi akamwalira, zolemba zake amazitentha kuti apite nazo akawerenge. Mayi anga analibe zolemba. Ndawalembera. Sadziwa kuwerenga, koma kumeneko kuli amayi awo, awawerengera." Anatambasula dzanja. "Mphepo yachuluka. Nditchingire."

Tionenji anamasula chitenje n'kuchitambasula ndi manja awiri kumbali yochokera mphepo. Machesi awiri anazima, achitatu anagwira. Lanfen ankaika pepala limodzilimodzi m'mbale, akuliimba mpaka lipse. Utsi unakwera n'kulowa m'mashiti amene anthu anayanika. Askari anatulukira pamasitepe akupuma wefuwefu, akufunsa amene akuyatsa moto padenga, koma a Magdalene anamubweza ndi mawu awiri okha.

Pepala lomaliza litapsa, Lanfen anatsinzina n'kudzigwira pamphumi. "Mutu," anatero. "Ndipo ndikuona tinyenyezi."

Tionenji anaponya chitenje pansi. Sanadikirenso kuti apatsidwe chilolezo. Anamugwira nkhope, anaona zikope zotupa, anathamanga kukatenga kamakina. Manambala ataoneka, mawu ake anasintha n'kukhala a muwodi ya ku Zomba. Anatuma a Magdalene kukatenga chikwama cha kuchipatala, anatuma askari kukaimitsa takisi, anaimbira bambo Zhou kuti akakumane kuchipatala. Pamsewu wa Mombasa magalimoto anali atathinana. Tionenji anamugoneka Lanfen chakumanzere pampando wa kumbuyo, mutu uli pamiyendo yake, n'kutulutsa mkono pawindo akukupiza nsalu yoyera ndi kukalipira oyendetsa matatu m'Chiswahili chimene sankadziwa kuti ali nacho. Anafika patatha mphindi makumi anayi.

Madokotala anayesa kutsitsa magazi tsiku lonse, koma magaziwo anakana kutsika. M'mawa mwake anamuchita opaleshoni. Anabadwa mwana wamkazi, masabata asanu ndi awiri nthawi isanakwane, wolemera pang'ono kuposa paketi ya shuga ndi theka, koma analira yekha. Pakhonde la chipatala bambo Zhou anafunsa dokotala ngati uthenga wa maliro ndiwo unachititsa. Dokotalayo, mayi wa Chikenya wotopa ndi ntchito, anati matendawa anali akubwera kale, mwina akanafika sabata yomweyo, mwina yotsatira, palibe angadziwe. Tionenji anamva yankholo ali chapatali. Silinamutsutse, komanso silinamumasule.

Mwanayo anakhala masiku khumi ndi awiri m'kabokosi kagalasi kotenthetsera. Tionenji ankapita tsiku lililonse ndi phala m'fulasiki, n'kukhala pabenchi panja. Lanfen ankalandira phalalo kudzera kwa anamwino. Tsiku lakhumi ndi chitatu namwino wina anatuluka n'kunena kuti mayi wa pabedi lachitatu akuti alowe.

Mwana anali atamutulutsa m'kabokosi, ndipo anamwino ankafuna kuti mayi azimufungatira pachifuwa, khungu kukhungu, usana wonse. Lamba wa chipatala ankaterereka, ndipo Lanfen ankaopa kuti kamwanako kapulumuka.

"Akuti iwe unkachita zimenezi kwanu," anatero osamuyang'ana kumaso.

"Tsiku lililonse."

Tionenji anasamba m'manja, anatulutsa chitenje chochapa m'chikwama, anachipinda katatu. Anaika mwana pakati pa mabere, miyendo atayitambasula ngati ya chule, mutu ataupendeketsa kuti mphuno ipume. Anakulunga nsalu, anamanga mfundo pambali kuti isakhudze bala. Kamwanako kanayasamula n'kugona.

"Ukatopa, abambo ake alandire," anatero. "Nawonso ali ndi chifuwa."

Lanfen anayang'ana amuna ake amene anaima pakona, n'kunena nawo mawu angapo. Bambo Zhou anayamba kumasula mabatani a shati, makutu atafiira.

Za kubisa kuja Lanfen sanazitchulenso, ndipo sananenepo kuti wakhululuka. Ankalola Tionenji kusambitsa mwana ndi kumuyeza sikelo, ankaseka naye nthawi zina, koma nkhani za kumtima anasiya kumuuza. Mu Novembala adokotala atalola, banjalo linanyamuka kupita ku China kuti Lanfen akaone manda, ndipo kampani inawatumiza bambo Zhou kudziko lina, moti ku Nairobi sanabwererenso. Patapita mwezi Tionenji analandira chithunzi pafoni. Chinali cha amayi awiri ataima m'munda wa mitengo yobiriwira, kumbuyo kuli mapiri osongoka ophimbidwa ndi nkhungu. Wina anali Lanfen, atavala jasi lalikulu. Winayo, wonenepa, wa manja okhakhala ndi nkhope yopsa ndi dzuwa, ndiye ananyamula mwana. Pansi pake Lanfen analemba m'Chiswahili kuti uyu ndi Guixiang, akupereka moni, ndipo mwana wafika makilo asanu ndi limodzi.